Amonke Omwe Anakana Kuthawa

Usiku wa pa 26 Marichi 1996, anthu onyamula mfuti analowa m'nyumba ya amonke a Chikatolika ku Tibhirine, m'mapiri a Atlas ku Algeria, ndi kugwira amonke 7 ochokera ku France. Patatha miyezi iwiri, mitu yawo yokha ndiyo inapezeka. Gulu la zigawenga la GIA linati ndilo linawapha, ngakhale ena mpaka lero amaloza chala asilikali a boma.

Nkhaniyi ndiyo gwero la filimu ya Chifalansa yotchedwa Des hommes et des dieux, kapena Of Gods and Men m'Chingerezi. Anaitsogolera ndi Xavier Beauvois, ndipo inapata mphoto ya Grand Prix ku Cannes mu 2010.

Amene akufuna kuona magazi ndi kulira kwa mfuti akhumudwa. Filimuyi imayenda mwapang'onopang'ono ngati moyo wa amonkewo. Amapemphera, amalima, amagulitsa uchi kumsika. Luc, dokotala wokalamba, amachiza kwaulere Asilamu a m'mudzimo. Kenako zigawenga zikupha antchito a ku Croatia chapafupi, ndipo funso likubuka: tichoke kapena tikhale?

Apa ndi pamene pagona mtima wa filimuyi. Mtsogoleri wawo, Christian, akukana asilikali omwe boma likufuna kuwapatsa, koma akutero osafunsa anzake. Iwo akumudzudzula poyera, pakuti moyo umene akuuika pachiswe si wake yekha. Atakhala pansi koyamba kuti aliyense anene maganizo ake, akugawikana. Ena akufuna kubwerera kwawo, ndipo filimuyi siwachititsa manyazi. Christophe, mmodzi mwa achicheperepo, akumveka usiku akulirira Mulungu amene akuoneka kuti wakhala chete. Ndi mafilimu ochepa achipembedzo amene amalola wokhulupirira kuchita mantha chotere.

Chomwe chikuwasintha si kufuna kufera chikhulupiriro ayi. Iwo eni akunena kuti imfa sakuifunafuna. Ndi anansi awo. Mmonke wina atauza akuluakulu a m'mudzi kuti iwo ali ngati mbalame zomwe zingauluke nthawi iliyonse, mayi wina akumutembenuzira fanizolo: mbalame ndi anthu a m'mudzimo, amonke ndiwo nthambi yoterapo. Amonkewo anali ndi kothawira, pamene anansi awo analibe. Atakumananso, onse akukweza manja kuti akhala.

Chakumapeto akudya limodzi nyimbo ya Swan Lake ya Tchaikovsky ikulira, kamera ikuyenda pankhope ya aliyense. Akuyamba ndi kumwetulira, kenako misozi. Palibe woyankhula, koma wowerenga Baibulo sangalephere kukumbukira mgonero womaliza wa Ambuye.

Amonke awiri, Amédée ndi Jean-Pierre, anapulumuka usiku umenewo. Kuphedwa kwa anzawo sikuonetsedwa. Timangowaona akukwera phiri m'chipale chofewa, ali pakati pa owagwira, mpaka nkhungu itawaphimba.