MAGALASI OJAMBULA MUNTHU MWINI OSADZIWA

Mu mwezi wa June caka ca 2012, anthu amene anasonkhana pa msonkhano waukulu wa kampani ya Google mu mzinda wa San Francisco ku Amereka anaona zodabwitsa. Amuna ena analumpha kucokera m'mwamba nakatera pa denga la nyumba ya msonkhanoyo, ndipo zonse zimene maso ao anali kuona pamene anali kutsika, anthu a m'nyumbamo anali kuzipenyanso pa cinsalu cacikulu. Cinsinsi cinali m'magalasi amene amunawo anabvala. Wotsogolera cionetseroco anali a Sergey Brin, mmodzi wa anthu awiri amene anayamba kampaniyo, ndipo magalasiwo anachedwa Google Glass.

Magalasi amenewa sanali ngati aja obvala munthu wobvutika maso. Anali ndi kagalasi kakang'ono pamwamba pa diso la kumanja, m'mene mwini anali kuwerenga makalata ndi kuona njira ya kumene afuna kupita. Pambali pa kagalasiko panali kamera. Munthu anali kungolankhula nao, iwo ndi kujambula cithunzi kapena kanema. Pambuyo pace akatswiri anaonjezapo nzeru yakuti kungotsinzinira diso limodzi, cithunzi cajambulidwa kale.

Anayamba kuperekedwa kwa anthu osankhidwa mu April 2013 pa mtengo wa madola 1,500. Koma mabvuto anafika magalasiwo asanafike. Mwini wa malo ena omwera ndi kudyera ochedwa 5 Point Cafe mu mzinda wa Seattle analengeza mu March caka comweco kuti wobvala magalasi otere asadzalowe pakhomo pace. Ambiri anaseka, nati bamboyo angofuna kuchuka. Koma posacedwa nyumba za juga ndi malo ena a zisangalalo anatsata citsanzo cace, ndipo mu 2014 eni a nyumba za kanema ku Mangalande anawaletsanso.

Kodi anthu anali kuopanji, popeza pafupifupi aliyense anali kale ndi kamera pa lamya yace ya m'manja? Yankho lace ndi lapafupi. Wojambula ndi lamya ayenera kuiturutsa m'thumba ndi kuitukula, ndipo wojambulidwayo aona, nakhoza kukana, kubisa nkhope kapena kucokapo. Wa magalasi angokupenya basi. Palibe wodziwa ngati akumvetsera nkhani yako mwaulemu kapena akuisunga kuti akaionetse dziko lonse. Mwambo wakale wopempha cilolezo usanajambule mnzako unaoneka kuti watha mphamvu.

Nkhawa imeneyi inafika ndi kwa akuluakulu omwe. Mu May 2013 aphungu asanu ndi atatu a nyumba ya malamulo ya Amereka analembera a Larry Page, mkulu wa kampaniyo panthawiyo, kufunsa ngati magalasiwo adzakhoza kuzindikira nkhope za anthu. Kampaniyo inalonjeza kuti siidzalola zimenezo.

Obvalawo naonso anaona zakuda. Mai wina ku San Diego anaimbidwa mlandu woyendetsa galimoto atabvala magalasiwo, ngakhale kuti bwalo linammasula mu January 2014 posowa umboni wakuti anali oyaka. Mwezi womwewo bambo wina ku Ohio anaturutsidwa m'nyumba ya kanema ndi kufunsidwa mafunso kwa nthawi yaitali pomganizira kuti anali kuba filimu. Mu January 2015 Google inaleka kugulitsa magalasiwo kwa anthu wamba. Anapitirizabe kugwira nchito m'mafakitale ndi m'zipatala, m'mene wanchito afuna kuwerenga malangizo manja ace ali pa nchito, kufikira 2023 pamene kampaniyo inawasiyiratu.

Amene anaganiza kuti nkhani yathera pomwepo analakwa. Mu September 2021 kampani ya Facebook, imene tsopano ichedwa Meta, inagwirizana ndi opanga magalasi a Ray-Ban niturutsa ace pa mtengo wa madola 299. Apa ndipo pali kucenjera: magalasi a Google anali kuonekera patali kuti ndi makina, koma awa ndi obvuta kusiyanitsa ndi magalasi wamba a dzuwa. Anawaikira kanyali kakang'ono koyaka pamene alikujambula, koma akuluakulu oteteza zinsinsi za anthu ku Ireland ndi ku Italy anadandaula kuti nkocepa kwambiri. M'magalasi a 2023 kanyaliko anakakuza, ndipo akana kujambula ngati katsekedwa. Komabe masana dzuwa likuswa mtengo, ndani angayang'anitse m'mphepete mwa magalasi a mlendo?

Sitinganene kuti alibe phindu. Anthu osaona akhoza kuwafunsa kuti awawerengere cikwangwani kapena kuwauza cimene ciri patsogolo pao, ndipo thandizo lotere si laling'ono.

Koma cimene aphungu aja anaopa cinaoneka mu October 2024. Ophunzira awiri a pa yunivesite ya Harvard analumikiza magalasi a Meta ndi makina a pa intaneti ofufuza nkhope ochedwa PimEyes. Atangopenya munthu wodutsa, dzina lace, nchito yace, ndipo nthawi zina ndi kumene akhala komwe, zinali kubwera pa lamya yao. Anyamatawo anafikira anthu osawadziwa pa siteshoni ya sitima nawapatsa moni ndi maina ao, ndipo anthuwo anabwezera moniwo poyesa kuti anakomanapo kale. Ophunzirawo anati anacita izi pofuna kucenjeza anthu, ndipo anakana kugawira ena makina amene anapangawo.