Ukwati Wopanda Ankhoswe: Nkhani ya Rami ndi Lamulo la Mabanja

Abale ndi alongo amene mutsogolera makalasi a kuwerenga, inu mudziwa kuti mai wacikulire akangophunzira kulemba dzina lace, posacedwa amabwera ndi kapepala komanga pa nsonga ya nsalu, nati, "Aphunzitsi, tandiwerengerani aka. Kodi kakunena kuti ndine mkazi wa uje, kapena iai?" Funso limeneli si lacibwana. Tsiku limene mwamunayo adzafa kapena kucoka pakhomo, munda, mbuzi ndi malata a padenga zidzatsamira pa yankho lace. Tsono tiyeni tione cimene cimacititsa kuti ukwati ukhale ukwati pamaso pa anthu.

Makolo athu Acewa ndi Anyanja analibe pepala, koma anali ndi ankhoswe. Mnyamata akafunsira mbeta, nkhani sinkathera pa awiriwo ai. Atsibweni ace kapena mkulu wace ankapita kukaonana ndi atsibweni a mtsikana, ndipo pa tsiku la cinkhoswe mbali ziwirizi zinkapatsana nkhuku, uku tambala uku msoti. Kuyambira pamenepo ankhoswe ndiwo anali kalata ya ukwatiwo, kalata yoyenda ndi miyendo. Mwamuna ankapita ku cikamwini, namanga nyumba kwao kwa mkazi, nalima munda wopatsidwa ndi apongozi. Pakagwa matenda, maliro kapena ndeu, oyamba kuuzidwa anali ankhoswe. Ndipo banja likafika poti silingapitirire, silinkatha ndi mkwiyo wa usiku umodzi: amene adalimanga ndiwo ankalimasula. Mwamuna ankasudzula mkazi pamaso pao, natenga khasu lace, nkhwangwa ndi bulangete, nabwerera kwao. Ana ndi munda zinkatsala kwa mai, m'manja mwa mwini mbumba. Kwa Angoni kunali kosiyana, pakuti kumeneko ng'ombe za malowolo zinkatengera mkazi ndi ana ku mudzi wa bambo, ndipo kuno ku Angónia miyambo iwiriyi idasakanizika kalekale. Koma uku ndi uku komwe, panali anthu odziwa kuti uyu ndi mkazi wa uyu.

Tisakometse zakale mopitirira. Ankhoswe ambiri, mkazi akabwera ndi diso lotupa, ankangoti "kapirireni, banja ndi kupirira," basi nkhani yatha. Komabe mkaziyo anali ndi khomo loti akagogode.

Khomolo lidayamba kusowa pamene amuna adayamba kupita ku migodi ya ku Joni ndi ku mapulazi a ku Rhodesia, ena nakhala machona, nakwatira komweko popanda wacibale woona. Itabwera ufulu mu 1975, boma latsopano lidadzudzula malowolo, mitala ndi cinamwali kuti ndi zinthu zobwezera anthu m'mbuyo. Mitala siidathe, idangobisala. Kenaka nkhondo. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ndipo a ku Angónia ndi Tsangano ambiri adakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Kumeneko anyamata ndi atsikana adatengana, atsibweni ali kutali kapena atafa. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu pobwerera adapeza zina zovuta kuzinena: mwamuna amene adamlira maliro watulukira wamoyo, mkazi ali ndi ana a wina. Milandu yotereyi akuluakulu a m'makalasi anu aikumbukira bwino kuposa ife.

Pali buku lina limene lafotokoza bwino ukwati wopanda mboni. Adalilemba m'Cipwitikizi ndi mai Paulina Chiziane, wobadwa mu 1955 ku Manjacaze m'cigawo ca Gaza. Iyeyu ndiye mkazi woyamba wa ku Mozambiki kusindikiza buku la nthano yaitali, mu 1990, ndipo mu 2021 adalandira mphoto ya Camões. Buku tikunenali lidatuluka mu 2002, dzina lace Niketche, lomwe ndi dzina la gule wa ku Zambézia ndi Nampula.

Wofotokoza nkhaniyo ndi Rami, mai wa kum'mwera amene wakhala zaka 20 pa ukwati wa pa chalichi ndi Tony, mkulu wa apolisi ku Maputo. Pepala ali nalo, mphete ali nayo, koma mwamuna sagona pakhomo. Pofufuza apeza kuti pali akazi ena anai, Julieta, Luísa, Saly ndi Mauá, ocokera m'zigawo zosiyanasiyana za dziko lino, ndipo pali ana ambiri amene abale a Tony sawawerengera. Poyamba Rami acita zimene ambiri akadacita, kupita kukamenyana. Koma pang'onopang'ono aona kuti anzacewo ndi osauka kuposa iye, cifukwa alibe pepala, alibe malowolo, alibe wowaimira. Tony akatopa nawo, ndani angamfunse? Tsono pa phwando lokumbukira kuti Tony wakwanitsa zaka 50, Rami abweretsa akazi onsewo pamodzi ndi ana ao pamaso pa abale ndi alendo. Mwamuna acita manyazi, nathawa. Pambuyo pace akakamizidwa kuwalowola onse ndi kuyendera nyumba zao mwa dongosolo, monga mitala yakale idafunira.

Apa ena amalimva molakwa bukuli, namati likuyamikira mitala. Ife sitiona conco. Cimene likuonetsa ndi cakuti mitala yakale, ngakhale inali yowawa, inkamanga mwamuna ndi udindo, pomwe mitala yobisa imampatsa zokoma zokhazokha. Ndipo nkhani siithera pa malowolo. Rami abwereketsa anzace ndalama, wina ayamba kugulitsa zovala, wina atsegula malo okonzera tsitsi, ndipo aliyense atayamba kudya za thukuta lace amsiya Tony mmodzimmodzi.

Gawo lopweteka kwambiri ndi ili. Tony apita mobisa ku Paris ndi mkazi winanso, ndipo abale ace aika maliro a munthu wina wofa pa ngozi poyesa kuti ndi iyeyo. Atangocoka ku manda, alanda katundu yense wa m'nyumba ya Rami, nampereka kwa mbale wa mwamuna wace pa mwambo wa kutchinga, wofanana ndi kulowa kufa kumene tikudziwa kuno. Taonani, Rami pepala anali nalo. Koma pa tsikulo panalibe munthu woimirira ndi kunena kuti "lekani."

Nanga lamulo likuti bwanji? Mpaka 2004 dziko lino linkatsatabe kwambiri malamulo a mabanja osiyidwa ndi Apwitikizi, amene sankawerengera ukwati wa kumudzi. Lamulo la Mabanja la 2004 lidasintha zimenezo. Lidavomereza maukwati a ku Registo Civil, a ku mpingo ndi a mwambo, ndipo awiri otsirizawa ali ndi mphamvu yofanana ndi woyamba uja akalembetsedwa ku Registo. Ukwati wa mwambo ufunika kucitika pamaso pa mfumu ya m'deralo ndi mboni ziwiri. Kunena zoona, boma lidabwerera kwa ankhoswe, kungoti tsopano agwire colembera. Ukwati wa pa lamulo ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndipo mwamuna salinso mutu wa banja payekha. Mu 2019 lamuloli lidakonzedwanso: palibe wololedwa kulowa m'banja asanakwanitse zaka 18, ngakhale makolo atavomera. Amene adangotengana popanda ukwati, lamulo liwawerengera akakhala pamodzi kupitirira zaka zitatu (mu 2004 cinali caka cimodzi), ndipo katundu amene apeza pa nthawiyo ndi wa onse awiri. Koma mai wotereyu, tsiku la mlandu, adzafunikabe anthu omcitira umboni.

Mtsogoleri amene amawerenga Cipwitikizi angathe kufotokozera kalasi nkhani ya Rami m'Cinyanja, osati yonse tsiku limodzi, ndi kuwasiya amai ndi abambo atsutsane. Cenjerani, m'bukumo muli mau ena a kucipinda osayenera pamene pali ana. Zitatha izo, pemphani amene ali ndi mapepala a ukwati awabweretse, aliyense awerenge yekha dzina lace, dzina la mnzace ndi tsiku. Yerekezani ndi zimene zalembedwa pa citupa. Alembi ambiri amalemba maina athu m'kalembedwe ka Cipwitikizi, ndipo zimacitika kuti munthu mmodzi ali Phiri pa pepala ili, Piri pa linalo. Colakwa cotere cikonzedwe ku Registo eni ace onse awiri akali moyo.