Ma Jumbe a ku Nkhotakota: Nduna Zimene Zinasanduka Mafumu

Udindo wa Jumbe ku Nkhotakota unayamba ndi Salim bin Abdallah, Mswahili wamalonda amene anafika kunyanja ya Malawi cha m'ma 1840. Malo anachita kupempha kwa mafumu a Achewa, koma posakhalitsa mlendoyo anaposa eni nthaka mphamvu chifukwa cha mfuti. Iye ndi omutsatira ankadziwika ngati nthumwi za Sultan wa ku Zanzibar, ngakhale zoona zake n'zakuti ankalamulira okha. Zofanana ndi izi zinachitika ku India, kumene a Peshwa, nduna zazikulu za mafumu a Amaratha, anayamba kusiyirana udindo pabanja kuyambira 1713 mpaka anaphimba mafumu awo.

Chuma cha Jumbe chinali minyanga ya njovu ndi akapolo. Asilikali ake ankagwira anthu m'midzi ya kumtunda, kuwasunga m'linga, kenaka kuwalonga m'zombo zoyendera mphepo kuti awoloke nyanja n'kuyamba ulendo wapansi wopita ku Kilwa. David Livingstone anadzionera yekha malondawa mu 1861. Ulimi wa mpunga ndi Chisilamu, zimene zikuonekabe m'derali, zinazika mizu nthawi yomweyi.

Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, anali wochenjera. Mu 1889 anachita pangano ndi Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, nalandira mbendera ya Britain ndi malipiro a chaka ndi chaka. Atsamunda anamuthandizanso kugonjetsa Chiwaula, nduna yake yomuukira. Komatu chitetezocho chinadya ufumu. Tawakali Sudi atamwalira mu 1894, wolowa m'malo mwake, Mwinyi Kheiri, sanakhalitse: Angerezi anamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar, ndipo Nkhotakota inakhala m'manja mwa boma la atsamunda.