Ufa wa m'zitini si chakudya: tiphunzire kwa akatswiri a masewera

Tikamayenda m'masitolo a ku Deira ndi ku Karama, timaona zitini za ufa wa mapuloteni ndi mapiritsi olonjeza mphamvu ndi minofu. Anyamata athu ena opita ku jimu akaweruka akutayirako ndalama zomwe akadatumiza kumudzi.

Komatu akatswiri a masewera sangomeza chilichonse. Mu 2018, akadaulo a bungwe la Olimpiki la IOC adanena kuti ndi zinthu zochepa chabe zomwe pali umboni woti zimathandiza, monga caffeine, creatine ndi nitrate wopezeka mu beetroot.

Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kafukufuku wa ku Cologne, ku Germany, wofalitsidwa mu 2004, adapeza kuti mwa zinthu 634 zogulidwa m'maiko 13, zokwana 94 zinali ndi mankhwala a steroid osalembedwa pachitini. Mu 2013, katswiri wothamanga wa ku Jamaica, Asafa Powell, adapezeka ndi mankhwala oletsedwa a oxilofrine, omwe adati adachokera m'zoterezi, ndipo adaimitsidwa kupikisana.

Choncho abale ndi alongo, tisanagule tiyambe tafunsa adokotala. M'kutentha kwa kuno ku Dubai, thupi limafuna madzi okwanira, nyemba, mazira, nsomba ndi tulo tokwanira.