Mutu 4: Kulanga Mwana Wasukulu

Makolo a ana a zaka 7 mpaka 12 amandifunsa mafunso atatu kawirikawiri: chikwapu tichisiyedi? Foni timpatse liti? Nanga wokana ntchito zapakhomo timutani? Ndiwatenga limodzilimodzi.

Za chikwapu, lamulo la Zambia linayankha kale. Mu 1999 Khoti Lalikulu, pa mlandu wa Banda, linagamula kuti kukwapula wolakwa kumasemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Lamulo la maphunziro la 2011 linachiletsa m'sukulu, ndipo Children's Code Act ya 2022 inafika nacho chiletsocho mpaka pakhomo. Mukakhala pansi pamsika wa Kapata kapena ku Mchini mu Chipata, simuchedwa kumva wina akudandaula kuti boma laletsa kulanga ana.

Apa ndipo pamandipweteka mutu. Boma silinaletse kulanga. Mawuwa tinawafinya tokha mpaka atsala ndodo yokhayokha. Anamkungwi akamalanga namwali, ntchito yawo yaikulu ndi ya pakamwa. Mlangizi wa zaulimi akapeza mwabzala mtedza motalikirana, samakuthyolerani mkwapulo, amagwada n'kukuonetsani. Kulanga, kulangiza, malangizo: muzu ndi umodzi.

Pitani mukaime kwa okonza njinga, poti Chipata ndi mzinda wa njinga. Rimu ikapindika, mmisiri weniweni satenga hamala. Amazunguza gudumu, n'kumanga sipoko iyi pang'ono, kumasula iyo pang'ono, kuzunguzanso. Wa hamala amatha msanga, koma njingayo siifika ku Mwami. Ng'ombe ya pangolo nayonso, ikazolowera mkwapulo imayenda pokhapokha mkwapulo uli m'mwamba. Mwana womenyedwa chifukwa cha chenji chosakwanira saphunzira kukhulupirika ayi. Amaphunzira kunama bwino kuposa dzulo.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali zolakwa zina zopanda ndodo zimene zimaononga chimodzimodzi. Choyamba ndi chija chakuti “udikire atate ako abwere.” Mwana walakwa m'mawa, mlandu ukuzengedwa usiku, iye ataiwala kale, ndipo amayi adzichotsera okha ulemu. China ndi kumana mwana nsima. Chakudya si mphotho, ndipo wogona ndi njala mawa lake m'kalasi amangosinza. Koma chimene chimandinyansa koposa ndi kumunyoza pamaso pa anzake, makamaka wa giredi 6 kapena 7 amene wayamba kuchita manyazi. Bala la mawu akuti “chitsiru iwe” limapola mochedwa kuposa la ndodo. Muitanireni kuseri kwa nyumba, mumuuze chimene walakwa ndi chimene achite kuti akonze. Wataya ndowa, akatungenso madzi. Wang'amba buku la mnzake, alimate ndi kukapepesa yekha.

Ndipo polera mwana simuli nokha. Kwa Achewa a Gawa Undi mwana ali ndi atsibweni; kwa Angoni a Mpezeni mphamvu ili kuchimuna, kwa atate ndi abale awo. Miyambo yonse iwiri inkadziwa kuti pali zina zimene mwana sangauze womubala. M'tauni tinasiya zimenezi, agogo timangowaona pa zikondwerero za Nc'wala ndi Kulamba, kenako n'kumadabwa kuti mtsikana wa zaka 12 wayamba kutibisira.

Za foni sindichulukitsa: wa pulayimale abwereke yanu, inu muli pomwepo, ndipo usiku igone kuchipinda kwanu.

Ntchito zapakhomo agwire, anyamata ndi atsikana mofanana, malinga zisamudyere sukulu. Kuyambira Januwale 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka kusekondale, choncho kutuma mwana kukagulitsa zitumbuwa kapena kukaweta ng'ombe anzake ali m'kalasi kulibenso chowiringula. Aphunzitsi amene ali ndi kalasi yodzaza sangaone kuti wanu wayamba kubwerera m'mbuyo. Tsegulani kope lake nokha madzulo ano, ngakhale masamuwo simukuwadziwa, ndipo mumupemphe akufotokozereni zimene walembamo.