Wokondedwa Akapita ku Joni

Anzanga, kuno ku Golomoti ambiri tili ndi m'bale ku Joni. Achimwene anga akhala ku Johannesburg zaka zitatu. Amandiuza kuti usiku ndiye wovuta: amapukwa kumudzi, amasowa alamu. Apa m'pomwe ena amapeza chibwenzi chongotayitsa nthawi, ndipo wotsala kumudzi nayenso amayesedwa. HIV imalowera pomwepo.

Ndiye titani? Musananyamuke, kayezetseni limodzi ku Mua kapena ku Mtakataka. Mukabwerako, yezetsaninso. Kachilombo kongolowa kumene sikaoneka msanga, choncho gwiritsani ntchito kondomu mpaka mutayezetsanso pakatha miyezi itatu. Ngati mumamwa ma ARV, tengani kalata ya kuchipatala, musadukize mankhwala. Muziimbirana foni, muziuzana zoona. Ndalama za ku Joni zisabwere ndi matenda.