Ng'oma ndi Ulimba Sizigulidwa Ngati Sizinalembedwe mu Pulani ya Sukulu

Mukafunsa aphunzitsi aakulu kapena makolo kuno kwa Kasisi chifukwa chake ana saphunzira kuimba kusukulu, yankho limakhala limodzi: kukhonsolo ku Chikwawa kulibe ndalama. Ife amene ntchito yathu ndi kulondoloza ndalama za maphunziro tikuvomereza kuti ndalama n'zochepa. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choko, mapepala ndi malata zonse zinakwera mtengo. Koma chimene chimapha nyimbo m'sukulu zathu n'chakuti palibe amene amazilemba papepala loyenera nthawi yake ikakwana.

Ndalama zambiri za maphunziro a pulayimale ndi malipiro a aphunzitsi, ndipo zimenezo palibe angazikhudze. Zina ndi zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zimene timati ORT, monga mafuta oyendera sukulu ndi zofunika m'ofesi. Thumba lachitatu, limene makolo ambiri amangolimva dzina, ndi SIG, ndalama zotukulira sukulu zimene zimalowa mu akaunti ya sukuluyo. Ndalama zimenezi zimatsata pulani imene mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu, PTA, gulu la amayi ndi mafumu agwirizana, mlangizi wa maphunziro wa m'zoni (PEA) n'kuiunika. Chimene sichinalowe mu pulaniyo sichigulidwa, ndipo mphunzitsi wamkulu akachigula adzasowa chowauza owerengera ndalama. Pamsonkhano wokonza pulani anthu amatchula zimbudzi, madesiki ndi zitseko. Wotchula ng'oma sapezeka, poti tinazolowera kuona nyimbo ngati zosangalatsira alendo tsiku lotsekera sukulu. Chonsecho silabasi imene inayamba mu 2007 inaika kuimba ndi kuvina m'phunziro la Expressive Arts, ndipo bungwe la mayeso la MANEB limafunsa phunziroli pa mayeso a Sitandade 8. Ndiye kuti komiti yolemba zida zoimbira ngati zipangizo zophunzirira siyaphwanya lamulo lililonse.

Chimene chimawopseza makomiti ndi mtengo, chifukwa akamva za nyimbo amaganiza za kiyibodi, malipenga ndi magitala a magetsi. Zimenezo n'zochokera kunja, zikawonongeka wokonza ali ku Blantyre, ndipo zambiri zimafuna magetsi. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, m'boma lathu lomwe lino, mu Januwale 2022. Komatu Chigwa cha Shire chili ndi chida chake, ulimba, umene ena amati valimba. Mmisiri amasema timatabwa ta mtengo wouma bwino, n'kumapala pang'onopang'ono kunsi kwa kalikonse mpaka katalira liwu limene khutu lake likufuna. Pansi pake amamangirira zikho, zazikulu ku mawu aakulu, zazing'ono ku mawu aang'ono, ndipo pa chikho chilichonse amaboola kabowo n'kumatapo kachikopa kopyapyala koti liwu lizinjenjemera. Anthu atatu amatha kuimba ulimba umodzi nthawi imodzi, aliyense ndi gawo lake, wina osasokoneza mnzake. Mwana wokhala pamenepo akuphunzira kuwerenga kugunda kwa nyimbo, kusiyanitsa mawu okwera ndi otsika, komanso kumvera anzake ali pakati pochita zake. Zonsezi zili mu silabasi, ndipo ndalama yogulira chidacho imathera m'mudzi momwemo.

Chofunika kwambiri kuposa chida ndi munthu wodziwa. Mphunzitsi wa pulayimale amaphunzira maphunziro onse m'zaka ziwiri, ndipo nyimbo zimangopatsidwa kanthawi kochepa. Si mlandu wake akamalemba tanthauzo la ulimba pabolodi asanaugwirepo. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa makomiti kuti mu pulani azilembamo zinthu ziwiri: chida, ndi kandalama kothokozera katswiri wa m'deralo wobwera kamodzi pa mlungu kudzaphunzitsa pamodzi ndi mphunzitsi, n'kumasayina akalandira. Ngati sukulu imodzi singakwanitse, sukulu za m'zoni imodzi zitha kusonkherana, ulimba n'kumasungidwa ku TDC (malo okumanirako aphunzitsi a m'zoniyo), kumabwerekedwa mosinthana.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera, ndipo sindiichepetsa. Madzi osefukira a 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana, ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya makalasi ogumuka, ndipo sukulu zambiri za ku Chikwawa ndi Nsanje zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Kholo limene mwana wake akuphunzirira pansi pa mtengo lili ndi ufulu wofunsa kuti ng'oma ndi yachiyani. Denga likhale patsogolo, sindikana. Koma ndalama ya ng'oma ziwiri ndi ulimba singamange kalasi, ndipo kumanga makalasi kumadalira matumba ena aakulu monga CDF (ndalama zotukulira dera la phungu) ndi thandizo la mabungwe. Kuchotsa nyimbo mu pulani sikuimika khoma ndi limodzi lomwe, kumangochotsa chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zingamukoke mwana wotaya nyumba ndi makope kuti abwerere kusukulu.

Ena amati ana adzaphunzira zimenezi kumudzi monga kale. Ndikadakhulupirira zimenezo ndikadaona anyamata ambiri akusema ulimba. Katswiri wina wofufuza za nyimbo, Hugh Tracey, anajambula nyimbo za Amang'anja m'zaka za m'ma 1950, ndipo mawuwo akusungidwa ku Makhanda, ku South Africa, koma nyimbo yojambula siphunzitsa mwana kugwira timitengo toimbira. Palinso makolo amene chipembedzo chawo sichilola magule ena, ndipo amenewa ayenera kumvedwa. Pamsonkhano wa pulani womwewo ndi pamene angagwirizane ndi anzawo nyimbo zoyenera ana, mwina za sukulu, za ulimi kapena zochenjeza za madzi osefukira. Mfumu ikamema msonkhanowo, kholo kapena mphunzitsi afike atafunsa kale mtengo kwa mmisiri, autchule pagulu, ndipo aonetsetse kuti mlembi waulemba mu pulani PEA asanaitenge.